Magetsi akathima, chipinda cha maseva chili ndi mphindi zingati?

Magetsi onse amene kompyuta imadya amasanduka kutentha. Seva, kompyuta yotumikira makompyuta ena pa netiweki, ikamadya mawati 500 ndiye kuti ikutulutsanso kutentha kwa mawati 500, usana ndi usiku, kaya ikuwerengera malipiro a antchito kaya ikusunga zithunzi za ukwati wa munthu wina. Kutenthako kumafuna kopita. Nkhani yonse yoziziritsa ma data center, zinyumba zija zodzaza ndi maseva momwe mumadutsa mauthenga athu, ndalama za pafoni ndi makanema, yagona pa mafunso awiri: kutenthaku kutuluka bwanji m'makina kukafika panja, nanga panjapo pali potani.

Funso lachiwirili ndi limene limatisiyanitsa ife a m'chigwa cha Shire ndi anthu ambiri amene amalemba za nkhaniyi. Munthu akamatsika Thabwa kuchokera ku Blantyre amakhala akusiya dera lokwera mamita oposa 1,000 n'kulowa m'dera limene malo ambiri safika mamita 100 pamwamba pa nyanja yamchere. Ku Nsanje, pamene Shire amalowera m'dziko la Mozambique, ndi potsika kwambiri m'Malawi muno, mamita 37 okha. Mpweya umatentherako pafupifupi madigiri 6.5 pa mamita 1,000 alionse amene munthu watsika, choncho madigiri amenewo timangowalandira ulere. Mu Okutobala ndi Novembala kupitirira madigiri 40 kuno si nkhani yoti n'kudzutsirana.

Ine ndimasamala kachipinda ka maseva pa ofesi ina kufupi ndi Nchalo. Kukatchula kuti data center n'kungokakweza: muli raki imodzi (shelefu yachitsulo yoikamo maseva), maseva ochepa, maswichi a netiweki, UPS (chipangizo chopatsa makina mphamvu ya m'batire magetsi akathima) ndi mabatire ake, komanso eyakoni ziwiri zosinthana. Koma kutentha sikuyang'ana kukula kwa nyumba, ndipo tizipinda totere tadzaza m'chigwa muno, m'mabanki, m'zipatala, m'maofesi a boma, patsinde pa nsanja za mafoni. Pa ntchito yangayi nambala imene ndimaifunitsitsa ndi ya mphindi. Magetsi akathima pa ola lino, mwezi uno, maseva akugwira ntchito mmene akugwiriramu, chipindachi chitenga mphindi zingati kuti chifike poopsa? Zoti mawa kutentha aliyense akudziwa kale, ngakhale mbuzi zimene zimagona pansi pa galimoto pamsika.

Ndiyambe ndi mmene akuluakulu amachitira, chifukwa pali zambiri zoti n'kubako.

Seva imakoka mpweya kutsogolo n'kuutulutsa kumbuyo utatentha. M'ma data center aakulu amandandalika maraki moyang'anizana, nkhope kwa nkhope, msana kwa msana, kuti pakhale kanjira ka mpweya wozizira ndi kanjira ka mpweya wotentha, ndipo nthawi zambiri amatseka kanjira kamodzi ndi zitseko ndi denga kuti mipweya iwiriyi isasakanikirane. Mpweya wotenthawo umadutsa pa mapaipi a madzi ozizira, madziwo amapita kumakina owaziziritsa, makinawo amataya kutenthako panja. Bungwe la mainjiniya la ku America lotchedwa ASHRAE limalangiza kuti mpweya wolowa m'seva ukhale pakati pa madigiri 18 ndi 27. Zindikirani kuti akunena mpweya wolowa kutsogolo kwa seva. Nambala imene ili pa rimoti ya eyakoni ndi nkhani ina. Limagawanso makina m'magulu: a A1 amaloledwa kufika madigiri 32, a A2 kufika 35, a A3 kufika 40, a A4 kufika 45. Maseva wamba ambiri amene timagula ndi a malire a 35.

Muyeso umene onse amaugwiritsa ntchito ndi PUE, umene bungwe la The Green Grid linafalitsa mu 2007. Umatenga magetsi onse olowa m'nyumbamo n'kugawa ndi magetsi amene adyedwa ndi makompyuta okha. Ikatuluka 2.0 ndiye kuti pa wati iliyonse ya kompyuta pali wati ina imene yapita kwina, makamaka koziziritsa. Kafukufuku wa chaka ndi chaka wa Uptime Institute wakhala akupeza nambala yoposa pang'ono 1.5 kwa zaka zingapo tsopano, pamene a Google amalengeza pafupifupi 1.1. Kusiyanako ndi ndalama zankhaninkhani, poti bungwe la International Energy Agency linawerengera kuti mu 2024 ma data center padziko lonse anadya magetsi pafupifupi ma terawatt-hour 415, kapena 1.5 peresenti ya magetsi onse a padziko.

Kulosera kukulowa pati? Kukulowa chifukwa makina oziziritsa amachedwa kumva. Ntchito ya maseva ikhoza kukwera m'sekondi imodzi, anthu akayamba kutumizirana kanema wa mpira, ndipo kutentha kwa purosesa, ubongo wa seva, kumakwera nthawi yomweyo. Koma kudzutsa makina ena oziziritsa madzi, kuwonjezera liwiro la mapampu, kuti madzi ozizirawo azungulire m'mapaipi aatali n'kufika pamene akufunika, kumatenga mphindi. Woyendetsa amene amadikira kuti aone kutentha kutakwera kaye amakhala mochedwa nthawi zonse. Pothawa zimenezi, anthu ankangoziziritsa mopitirira muyeso tsiku lonse kuti pakhale podalira, n'kumalipira bilu ya mantha awowo. Amene akutha kuona ola likubwerali angathe kuchepetsa podalirapo popanda kuika makina pangozi.

Njira zolosera zilipo ziwiri. Yoyamba imayambira pa malamulo a sayansi: umajambula chipinda chonse m'kompyuta, raki iliyonse, kabowo kalikonse, n'kuwerengera mmene mpweya uyendere. Amaitcha CFD. Ndi yabwino pomanga, kapena pofuna kudziwa kuti ukaika seva yatsopano pakona ipo chichitike n'chiyani, koma imatenga nthawi ndipo chipinda chenicheni sichifanana ndendende ndi chojambulacho. Yachiwiri imayambira pa mbiri: umasonkhanitsa zimene masensa akhala akulemba kwa miyezi kapena zaka, n'kuphunzitsa pulogalamu kuti izindikire kuti izi zikakhala chonchi, izo zimatsatira.

Mu 2014 injiniya wa Google, Jim Gao, anaonetsa kuti pulogalamu yophunzitsidwa motere, yoyang'ana zinthu 19 monga kuchuluka kwa ntchito ya maseva, chiwerengero cha mapampu amene akuyenda ndi nyengo ya panja, inkalosera PUE molondola ndi 99.6 peresenti. Mu 2016 a DeepMind, kampani ya AI ya m'banja la Google, anapita patsogolo. Anaphunzitsa mapulogalamu pa zolemba za masensa zikwizikwi, ena kuti azilosera PUE, ena kuti azilosera kutentha ndi mphamvu ya kukankha kwa madzi mu ola likubwera. Analengeza kuti magetsi oziziritsira anatsika mpaka ndi 40 peresenti. Poyamba pulogalamuyo inkangolangiza, anthu n'kumasintha okha. Mu 2018 anailola kugwira yokha ziwongolero: mphindi zisanu zilizonse imatenga chithunzi cha mmene zinthu zilili, n'kuyesa m'maganizo ake njira zambirimbiri, n'kusankha yodya magetsi ochepa.

Anthu amakonda kutchula 40 peresentiyo. Chimene chimandisangalatsa ine ndi chigawo chimene samachitchula kawirikawiri, chakuti mapulogalamu olosera kutentha aja anaikidwapo kuti azitsutsa mnzawo. Wina akati "zimitsa pampu iyi tisunge magetsi", enawo amayamba aona kaye ngati kutero sikupsetsa makina mu ola likudzalo. Lamulo limene pulogalamu ilibe nalo chitsimikizo chokwanira limatayidwa, limene latsala limakayesedwanso pa malire oikidwa ndi anthu pamalopo, ndipo munthu amatha kulanda ulamuliro nthawi iliyonse. Anthu amene anamanga zimenezi ankadziwa kuti pulogalamu yophunzira pa mbiri imadziwa zokhazo zimene inaonapo.

Ndipo mbiri imatha kunamiza ngakhale omanga nyumba. Pa 19 Julaye 2022 ku Britain kunatentha kufika madigiri 40.3 ku Coningsby, koyamba kupitirira 40 chiyambireni kulemba zanyengo kumeneko. Tsiku lomwelo makina oziziritsa m'ma data center a Google Cloud ndi Oracle ku London analephera, ndipo anazimitsa maseva ena kuti asawonongeke. Ma data center awiri a zipatala za Guy's ndi St Thomas' nawonso anagwa, madokotala n'kubwerera kumapepala, ndipo kukonza zonse kunatenga masabata. Nditawerenga ndinaseka pang'ono, Mulungu andikhululukire, poti madigiri amene anagwetsa London ndi amene ana a sukulu kuno amayenda nawo wapansi kuchokera ku Ngabu kupita kwawo. Koma phunziro lake ndi lolemera: makinawo anamangidwa poganizira kutentha kumene kunali kutalembedwapo kale. Pulogalamu yolosera imene tingagule kuchokera kunja nthawi zambiri imakhala kuti inaphunzira m'nyumba zimene magetsi sathima komanso panja safika 42. Ikafika kuno iyenera kuyambiranso sitandade wani.

Tsopano tilowe m'kachipinda kathu, tichite masamu ochepa. Titenge chipinda cha mamita atatu m'litali, atatu m'lifupi, atatu m'mwamba. Muli mpweya wa ma kiyubiki mita 27, wolemera pafupifupi makilogalamu 32. Kuti mpweya wochuluka chonchi utenthe ndi digiri imodzi pamafunika ma kilojoule pafupifupi 33. Makina odya makilowati atatu amatulutsa ma kilojoule atatu pa sekondi iliyonse. Ndiye kuti mpweyawo ukanakhala wokha, ukanakwera digiri imodzi pa masekondi 11 alionse: kuchoka pa 24 kufika pa 35 m'mphindi ziwiri. Mwamwayi suli wokha. Zitsulo za raki, makoma, simenti ya pansi, zonsezi zimamwako kutenthako, choncho mzere wa kutentha pa girafu umakwera mofulumira pachiyambi kenako n'kuyamba kupendekera. Koma nkhani yake imakhalabe ya mphindi, ndipo kuchuluka kwa mphindizo kumadalira kuti makomawo ali ndi malo otsala omwera kapena akhuta kale.

Apa ndi pamene pali msampha wa tizipinda tathu. Magetsi akathima, UPS imanyamula maseva, onse m'ofesi n'kupumira m'mwamba poona kuti netiweki ikadalipo. Koma UPS siinyamula eyakoni, poti eyakoni imadya kwambiri, makamaka podzuka. Ndiye maseva akupitiriza kutulutsa kutentha kwawo konse m'chipinda chotseka, chopanda choziziritsa. Batire yolimba kwambiri ndi imene imapatsa maseva nthawi yokwanira yodziphika okha. Jenereta ikadzuka msanga zili bwino, ngakhale eyakoni imadikirabe mphindi zitatu kapena kuposerapo kompuresa, injini ya eyakoniyo, isanayambenso. Jenereta ikakana, kapena dizilo akakhala kuti akusowa pamafilingi, mpikisano umakhala pakati pa batire ndi kutentha, kuti ndani afike kumapeto poyamba. Mu Juni batire ndi imene imayamba kutha. Mu Novembala ayi. Ma data center aakulu amadziwa mpata umenewu, n'chifukwa chake ambiri amasunga matanki a madzi ozizira kale n'kuika mapampu ndi mafani pa UPS, kuti mpweya usaime pamene makina aakulu akudzukanso.

Seva isanapse imayamba yadziteteza. Mafani ake amakwera liwiro mpaka kulira kumamveka panja pa chitseko, ndipo mafaniwo amadyanso magetsi ambiri, zimene zimafulumizitsa kutha kwa batire. Kenako purosesa imadzichepetsa liwiro, a muofesi n'kuyamba kudandaula kuti sisitemu ikuchedwa. Pomaliza imadzizimitsa yokha, nthawi zina ili pakati polemba zinthu mu disiki. Kuwonongeka kwa mafayilo kumeneko ndi kumene ndimakuopa kuposa kupsa kwa chitsulo.

Kulosera kwanga n'kosauka poyerekeza ndi kwa a DeepMind, koma mtima wake ndi womwewo. Ndili ndi timasensa ta DS18B20, totchipa, tolondola mpaka theka la digiri, tolumikizidwa ku kabodi ka ESP32 kamene kali ndi batire yakeyake kuti kazilembabe magetsi atathima. Titatu tili kutsogolo kwa raki, pansi, pakati ndi pamwamba. Kena kali kumbuyo, kena kamatidwa pakhoma la kumadzulo, kena kali panja pamthunzi. Maseva nawonso ali ndi masensa awo oyeza mpweya wolowa, amene munthu angawerenge kudzera pa njira yoyang'anira seva yotchedwa IPMI, ndipo UPS imaonetsa mawati amene akudyedwa. Zonsezi zimalowa mu Excel. Kuthima kulikonse kwa magetsi kumandisiyira mzere umodzi watsopano, ndipo mizere imeneyi ikachuluka imayamba kulankhula.

Choyamba chimene inalankhula n'chakuti kasensa ka pamwamba ndi kamene kamanena zoona. Mpweya wotentha wa kumbuyo umakwera, n'kudutsa pamwamba pa raki, n'kulowanso kutsogolo m'seva ya pamwamba, kapena kudzera m'mipata yopanda kanthu pakati pa maseva. Rimoti ya eyakoni ikhoza kumanena 22 pamene seva ya pamwambayo ikupuma mpweya wotentha kwambiri kuposa pamenepo. Kutseka mipata ija ndi timapulanga ndi ntchito ya masana amodzi, yosafuna kalata yopempha ndalama kulikulu.

Chachiwiri n'chakuti ola loopsa kwambiri limabwera dzuwa litapendeka. Malata amatentha ndi kuzizira msanga, koma njerwa zimamwa kutentha pang'onopang'ono n'kudzakutulutsa m'kati patapita maola. Khoma la kumadzulo limawombedwa ndi dzuwa masana onse, ndipo limafika pachimake anthu akuweruka. Choncho kuthima kwa 5 koloko madzulo kumandipatsa mphindi zochepa kuposa kwa 12 koloko masana, ngakhale panja pakhale pataziziririkapo. Kukatentha masiku angapo otsatizana, usiku osazizira, khomalo limayamba tsiku lili lofunda kale ndipo mphindi zimacheperachepera. N'chifukwa chake a Nthambi yoona za Nyengo akachenjeza za kutentha koopsa m'chigwa cha Shire, ine ndimayang'ana kwambiri nambala ya usiku ndi kuchuluka kwa masiku, osati ya masana yokha. Ndikaphatikiza zimenezo ndi ndandanda wa kuthima kwa magetsi, ndimatha kuuza abwana m'mawa kuti lero, jenereta ikapanda kudzuka, tiyambe kuzimitsa makina nthawi yakuti.

Chachitatu chinali choseketsa. Tsiku lililonse cha m'ma 12 koloko mzere unkadumpha pang'ono, n'kutsika, n'kudumphanso. Chifukwa chake chinali kuseri kwa raki: mabotolo a madzi, kachigubu ka thobwa, nthawi ina mpaka mbale ya mango osenda. Chipinda chozizira kwambiri pa ofesi yonse chinali chitasanduka filiji, ndipo wobwera kudzatenga botolo lake ankaimamo pang'ono kuti thukuta liume, chitseko chili pululu. Mayi amene amasunga mabuku a ndalama atandiona ndikutulutsa mabotolowo anati, "Achimwene, zoona makina azizizidwa ife tikupsa chonchi? Makinawo ali ndi ana kunyumba?" Ndinati, "Achemwali, malipiro anu a mwezi uno ali m'makina momwemu." Anaseka, koma funso lawo silinali lopusa, ndipo sindikuganiza kuti ndinaliyankha lonse. Pali chinachake chosakoma pamene magetsi oziziritsa zitsulo alipo koma a fani ya munthu palibe. Chimene ndinatha kuchita n'kukweza eyakoni kuchoka pa 16, pamene anthu amakonda kuika poganiza kuti kuzizira kwambiri ndiko chitetezo, kufika pa 23, malinga mpweya wolowa pamwamba pa raki usapitirire 27. Pa 16 kompuresa siipuma, bilu imakwera, ndipo m'miyezi ya mvula mpweya wachinyezi ukalowa pachitseko umasanduka timadontho pa zitsulo zozizirazo. Ndimatsitsa pang'ono pokhapokha ndikadziwa kuti magetsi athima m'maola akubwerawa, kuti makoma ndi zitsulo zizizirirepo.

Theka lina la nkhaniyi lili panja, pa bokosi lija la eyakoni lopachikidwa pakhoma. Ntchito yake ndi kutaya kutentha mu mpweya wa panja, ndipo kuti litero liyenera kukhala lotentha kuposa mpweyawo. Panja pakamatentha, kompuresa imavutika kwambiri n'kumaziziritsa mochepa, pa nthawi yeniyeni imene ikufunika koposa. Eyakoni zambiri za m'masitolo ndi za gulu la T1, zimene mphamvu yake yolembedwa pabokosi imayezedwa panja pali madigiri 35. Za gulu la T3, zopangira maiko otentha ngati a ku Middle East, zimayezedwa pa 46. Eyakoni ya 12,000 BTU (muyeso wa mphamvu yake yoziziritsa) ndi pafupifupi makilowati 3.5 pa madigiri 35 amenewo. Muikire makina a makilowati atatu, muwonjezere kutentha kolowa padenga ndi pakhoma, panja pakhale 42, muona nokha kuti masamu sakutuluka. Ndi ochepa ogula amene amayang'ana kalembo kameneka, ndipo ogulitsa aku Blantyre sakhala ndi chifukwa chokatchulira.

Bokosi lathulo ndimalitsegula kawirikawiri m'chilimwe. Timapepala take ta aluminiyamu, tothinana kwambiri, timatsekeka ndi fumbi losakanikirana ndi phulusa lakuda louluka kuchokera m'minda ya nzimbe ikamawotchedwa, mpaka kupanga chikhungwa chimene chimasendeka ndi chala. Pakona pamakhala timanyumba tadothi ta mavu, ndipo buluzi amakonda kugona pa bodi ya magetsi. Kutsuka kwake n'kwa madzi opanda mphamvu, kuchokera m'kati kupita panja, chifukwa madzi amphamvu amapinda timapepalato. Pamzere wa mu Excel kuda kwa bokosili kumaoneka masabata angapo lisanafike polephera: mpweya wotuluka mu eyakoni umayamba kufunda pang'onopang'ono pa kutentha kwa panja komweko. Kumeneko nakonso n'kulosera. Za mthunzi, anthu amati liikeni kukhoma la kum'mwera poti dzuwa lathu limadutsa chakumpoto. N'zoona miyezi yambiri, koma kuno, pafupi ndi madigiri 16 kum'mwera kwa equator, dzuwa limafika paliwombo kumayambiriro kwa Novembala n'kukhala chakum'mwera mpaka kumayambiriro kwa Febuluwale. Kadenga pamwamba pake, kosatsekereza mpweya, ndi kamene kamathandiza chaka chonse.

Anzanga ena amafunsa kuti bwanji osagwiritsa ntchito madzi, poti Shire ali pompa. Njira yake ndi ya mtsuko: madzi amene amatuluka thukuta kunja kwa mtsuko akamauma amatenga kutentha, a m'katimo n'kuzizira. Ma data center ambiri amachita chimodzimodzi, kudutsitsa mpweya pa zinthu zonyowa kapena kumwaza madzi m'nsanja zoziziritsira, ndipo zimasunga magetsi kwambiri. Aliyense wakuno akudziwanso kuti mtsuko umazizira bwino mu Okutobala, mpweya uli wouma, koma mu Febuluwale, kukatentha ndi chinyezi, madzi ake amangokhala ofunda. N'chifukwa chake pa zinthu 19 za Jim Gao zija panali kutentha koyezedwa ndi themomita yokutidwa nsalu yonyowa, kumene kumaonetsa malire a pamene madzi angazizirire pouma. Kuno miyezi yathu yotentha ndi yamitundu iwiri, youma ndi yachinyezi, ndipo njira ya madzi imagwira mtundu umodzi wokha.

Madziwo nawonso si ochepa. Lita imodzi ikauma imatenga ma kilojoule pafupifupi 2,400, ndipo kilowati imodzi pa ola ndi ma kilojoule 3,600, choncho pamafunika lita imodzi ndi theka. Data center ya megawati imodzi, imene ndi yaing'ono masiku ano, ikadalira njira imeneyi yokha ingaumitse malita 36,000 pa tsiku. Ku The Dalles, m'chigawo cha Oregon ku America, kunadziwika kuti mu 2021 ma data center a Google anagwiritsa ntchito madzi opitirira gawo limodzi mwa magawo anayi a madzi onse a tawuniyo. Kuno tiwonjezerepo kuti mijigo yambiri ya ku Chikwawa imatulutsa madzi amchere, amene akauma amasiya zoyera zotseka mapaipi, ndipo a mu Shire m'dzinja amakhala matope okhaokha.

Mtsinje womwewo ndi umene umatipatsa magetsi, ku Nkula, ku Tedzani ndi ku Kapichira pafupi ndi Majete. Mu Januwale 2022 namondwe wa Ana anawononga damu la Kapichira, dziko n'kutaya pafupifupi mamegawati 130, ndipo anabwerera mu 2023. Miyezi imeneyo inaphunzitsa aliyense wosamala makina kuti kutentha ndi kuthima kwa magetsi kuno zimayendera limodzi: m'chilimwe madzi amachepa, m'dzinja amabwera ndi zinyalala ndi mchenga, nthawi zina ndi chigumula chimene chimadulanso msewu wobweretsa dizilo. Pulogalamu yolosera kutentha kwa chipinda imene siifunsa za magetsi, kuno ingakhale ikuyankha theka la funso.

Sindikuona chifukwa choti munthu amange data center yaikulu m'chigwa muno. Imene boma linatsegula mu Julaye 2022, yomangidwa ndi Huawei, ili ku Blantyre, kumene usiku wa miyezi yambiri mpweya wa panja ungathandize kuziziritsa. Makampani aakulu amathawira kozizira kwenikweni: Facebook inatsegula yake ku Luleå ku Sweden mu 2013, Google inasandutsa fakitale yakale ya mapepala ku Hamina ku Finland n'kumaziziritsa ndi madzi a m'nyanja, ndipo Microsoft inayesapo kumiza maseva 864 pansi pa nyanja kufupi ndi Orkney kuyambira 2018 mpaka 2020. Maraki atsopano ophunzitsira AI amadya makilowati oposa 100 iliyonse, moti mpweya sukwanitsanso, amafikitsa madzi pa purosesa penipeni. Zimenezo zikhale kumtunda. Koma swichi ya banki ya pa Bangula singasamukire ku Finland, ndipo zipangizo za patsinde pa nsanja ya foni ziyenera kukhala pomwe pali nsanjayo.

Chimene chimavutika kwambiri m'tizipinda timeneti nthawi zambiri ndi batire. Mabatire a mtovu otsekedwa aja, amene ali mu UPS zambiri, amapangidwa poganizira madigiri 25, ndipo moyo wake umatsika ndi theka pa madigiri 8 mpaka 10 alionse owonjezera. Batire yolembedwa zaka zisanu, ikakhala m'chipinda cha madigiri 35, muiyembekezere zaka ziwiri ndi theka. Imafooka mwakachetechete, UPS n'kumaonetsabe kuti yadzaza, mpaka tsiku limene yafunika. Choncho mphindi za batire nazonso ndimazilemba pambali pa mphindi za kutentha, ndipo pa ziwirizi yochepayo ndi imene ndimagwiritsa ntchito.

Pachitseko cha chipindacho ndinamatapo pepala la mlonda ndi aliyense amene angakhalepo ine kulibe. Kasensa ka pamwamba kakafika 30 jenereta isanadzuke, atsegule chitseko, ayatse fani ya batire yoyang'ana kumbuyo kwa raki kuti izikankhira mpweya wotentha panja, andiimbire. Kakafika 32, azimitse seva ya zosunga makope ndi ya zoyeserera, zimene ndinazimata tepi yofiira, poti zimenezo zimachotsa gawo la kutenthako popanda kuimitsa ntchito ya aliyense. Kakafika 34, azimitse zonse mwadongosolo lake, kuyambira pamwamba kutsika pansi, swichi ya netiweki pomaliza. Mu Okutobala ndi Novembala mpweya wa pakhonde ukhoza kukhala wotentha kuposa wa m'chipindamo, choncho pamzere wa chitseko ndinawonjezerapo ndi cholembera kuti ayambe aona kaye nambala ya kasensa ka panja asanatsegule.